Banki ikufuna kugulitsa nyumba yomwe ndikuchita lendi, nditani abale?

Naphiri_wa_Chankhanga
Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndimachita lendi ku Chankhanga ku Kasungu, chaka chachitatu tsopano. Lachiwiri lapitali kunabwera azibambo awiri pa galimoto, wina ndi tepi yoyezera, wina akujambula nyumba ndi foni, kumaso, kuseri, mpaka thanki ya madzi. Nditawafunsa anati atumidwa ndi banki kudzaona mtengo wa nyumbayi. Ndinawaimbira a landilodi, iwo amvekere "musadandaule mayi, ndi nkhani yaing'ono, tikonza." Dzulo mnzanga wa kuntchito wanditumizira chithunzi cha tsamba la nyuzipepala la nyumba zogulitsa pa okushoni. Nambala ya poloti yathu ilipo. Tsiku lake ndi kumapeto kwa Epulo.

Chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Mu Januwale ndinalipiriratu miyezi isanu ndi umodzi, K720,000, chifukwa anandidandaulira kuti akusowa ya fetereza wobereketsa. Palinso dipoziti ya mwezi umodzi yomwe ndinapereka polowa. Mwana wanga woyamba akulemba sitandade 8 chaka chino ndipo sukulu yake ili pafupi pomwepa. Kodi a banki angangobwera n'kutitulutsa? Katundu wanga angamulande? Nanga ndalama zangazi ndikazifunse kwa ndani?

Santhe_Boy
Samukani basi mayi. Banki ilibe chisoni. Mukazengereza mudzapeza katundu ali panja.

Nankhoma_M
Asamuke ndi chiyani achimwene? Simunamve kuti ndalama zonse anapereka kale? Nyumba m'tauni muno akumafuna miyezi itatu ndi dipoziti usanalowe. Kusamuka si kunyamula chikwama.

KalalikiWakale
Mayi Naphiri, pepani ndi zimenezi. Ine ndinagwira ntchito kukhoti zaka zambiri ndisanapume, ndipo nkhani zoterezi zadutsa pa tebulo langa. Tiyambe ndi chomwe chikukusowetsani tulo. Ngongoleyi si yanu. Chikole chomwe bambowo anapereka ku banki ndi malo ndi nyumba, osati mipando yanu kapena firiji yanu. Palibe amene ali ndi mphamvu yolanda katundu wanu chifukwa cha ngongole ya mwini nyumba. Chomwe chimasokoneza nthawi zina n'chakuti masherifu akabwera ndi chikalata cha khoti chofuna katundu wa wangongoleyo, amatha kulemba zomwe apeza pamalo ake, ndipo mwini katundu weniweni amayenera kuonetsa umboni kuti zinthuzo ndi zake. Choncho lero lomwe sonkhanitsani malisiti a zinthu zanu zikuluzikulu, pamodzi ndi pepala lililonse loonetsa kuti inu pamenepo ndinu wa lendi.

Za kugulitsazo. Ngati malowo ali ndi taitolo ya pansi pa lamulo la Registered Land Act, banki siingodzuka n'kugulitsa. Munthu akalephera kulipira kwa mwezi wathunthu, banki imamulembera notisi n'kumupatsa miyezi itatu. Miyezi itatuyo ikatha asanakonze, m'pamene banki imatha kugulitsa, kapena kuika munthu woti azitolera lendi ya nyumbayo m'malo mwa mwini wake. Ndiye pofika poti poloti yatuluka mu nyuzipepala, a landilodi anuwo akhala akuidziwa nkhaniyi kwa miyezi. Werengani nokha kuchoka mu Epulo kubwerera m'mbuyo, muone pamene Januwale akugwera.

Chachitatu, tsiku la okushoni si tsiku losamuka. Wogula amayenera kumaliza kulipira, mapepala asinthidwe dzina, ndipo akafuna nyumbayo akupatseni notisi. Mukapanda kutuluka, njira yake ndi ya kukhoti, osati kuthyola loko kapena kuzula zitseko.

Ndikufunseni: muli ndi pepala la mgwirizano? Nanga lendi mumalipira bwanji, pamanja?

Naphiri_wa_Chankhanga
Zikomo bambo, mtima watsikako. Pepala lilipo, tinalemba pamanja ndipo mboni anali amfumu a dera lathu lino. Koma linali la chaka chimodzi, litatha sitinalembenso, ndinkangolipira. Lendi ndimatumiza pa Airtel Money, ya Januwale ija ndinaika ku akaunti yawo ndipo kapepala ka ku banki ndinasunga.

China ndinaiwala kunena. Usiku wathawu andiimbiranso kuti ndiwapatse ya Julaye mpaka Seputembala, ati akawonjezere pa zomwe apeza kuti banki iimitse okushoni. Akuti ndikawathandiza nanenso ndipulumuka. Ndawauza kuti ndiganize kaye.

Nankhoma_M
Musapereke ngakhale tambala asisi. Mbuzi ikagwa m'chitsime sutayiramonso ina.

MwiniPoloti
Ndiloleni ndiyankhuleko ngati mwini nyumba, chifukwa pano zikumveka ngati aliyense wolephera ngongole ndi wakuba. Ine ndinatenga ngongole kumayambiriro kwa 2022 kuti ndimalize tinyumba tiwiri ta lendi. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Simenti, malata, penti, zonse zinathawa ndisanafolere. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo zomwe ndinkabweza pamwezi zinakwera pomwe lendi yomwe ndimatolera inali yomweyo. Ndinatsalira miyezi inayi. Kalata inabwera. Sindinkadya, akazi anga ndiwo mboni.

Nyumba zanga sizinagulitsidwe chifukwa ndinagulitsa ng'ombe zitatu ndi njinga yamoto n'kukakambirana nawo. Munthu ali ndi ufulu wowombola nyumba yake malinga ngati sinagulitsidwe, ndipo nyumba zina zomwe mumaziona mu nyuzipepala sizifika pogulitsidwa. Bambo amenewa n'kutheka akuyembekeza fodya wawo, msika ukangotsegula ku Chinkhoma apeze zolipira. Mayi Naphiri, musawatenge ngati mdani.

Nankhoma_M
Bambo MwiniPoloti, kusauka si mlandu, tonse tikudziwa mmene zinthu zilili. Koma ndikufunseni, a lendi anuwo munawauza kapena munawabisira?

MwiniPoloti
Ndinawauza. Ndinawaitana onse awiri pansi pa mtengo wa mango n'kuwaonetsa kalatayo.

Nankhoma_M
Ndi pamenepo pamene mukusiyana ndi bambo awawa. Iwo anatenga miyezi isanu ndi umodzi kwa mayi wolera ana, akudziwa chomwe chikubwera, ndipo mpaka anthu oyeza nyumba kufika pakhomo osanena kanthu.

WaChinkhoma
Za fodyazo musawerengere kwambiri. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo momwemo, koma kutsegula msika si kulandira ndalama. Mabelo adikire tsiku lake lolowa, agulidwe, ndipo ngati munthu analima pa kontalakiti kampani iyamba yadula ngongole yake ya zipangizo. Chotsalacho n'chimene chimafika ku akaunti. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Amene akadali m'shedi kapena m'chigafa ndiye kaya.

Gogo_Chulu
Ine nditaona ana akulemba mawu oti tenanti m'magulu ena a nyumba ndinkadabwa. Kwathu kuno tenanti ndi uja ankabwera ndi banja lake kuchokera ku Mulanje kapena ku Thyolo kudzalima fodya pa esiteti, kumalandira chimanga pa ngongole chaka chonse. Bwana akalephera kubweza ku banki esiteti n'kulandidwa, anthu aja ankangotsala m'tizisakasa opanda ya basi yobwerera kwawo. Ndinawaona ndi maso angawa. Wapansi ndi amene ankamva kuwawa pa ngongole yomwe sanasaine.

WaChinkhoma
Zoona agogo. Paja mchitidwe wa matenanti uja boma linauthetsa mu 2021 posintha lamulo la za ntchito, ngakhale m'midzi muno mukayenda mupezabe anthu akulima mwa njira yomweyo, angosintha dzina.

Santhe_Boy
Nanga mlimi alipira bwanji malipiro a pamwezi pomwe iyeyo amalandira kamodzi pachaka? Lamulo lija analemba anthu osadziwa khasu.

Mphunzitsi_Mtunthama
Abale, nkhani ya matenanti titsegulire mutu wake wina. Mayiwa akufuna yankho, abambo aja awaimbiranso madzulo ano.

KalalikiWakale
Zoonadi, tibwerere. Mayi Naphiri, pa pempho la Julaye mpaka Seputembala, ine ndikugwirizana ndi a Nankhoma, osati chifukwa bambowo ndi oipa, koma chifukwa cha masamu. Inu simukudziwa kuti ngongole yatsala zingati. Ngati yatsala mamiliyoni, K360,000 yanuyo ingolowa ngati madzi a mumchenga, nyumba n'kugulitsidwabe, inu n'kutsala opanda yolowera kwina. Ndalama imeneyo ndi imene idzakusamutseni zikavuta. Isungeni.

Pa za pepala lija. Mgwirizano wa chaka chimodzi ukatha, munthu n'kupitiriza kukhala mwini nyumba akulandira lendi, lamulo limamutenga ngati wa lendi wa nyengo ndi nyengo, ndipo kwa inu lendi imawerengedwa pamwezi. Notisi yothetsera lendi yotere siyenera kuchepera pa nyengo ya lendiyo, ndiye kuti mwezi wathunthu. Si sabata, si masiku atatu. Akanakhala kuti muli ndi mgwirizano wa zaka zingapo womwe unalembedwa ngongole isanatengedwe, kapena womwe banki inavomereza, bwenzi mutaima pamwala wolimba kuposa apa. Mapangano ambiri a ngongole za nyumba amaletsa mwini wake kuchititsa lendi ya nthawi yaitali popanda chilolezo cha banki, n'chifukwa chake ndinafunsa.

Pa ndalama za Meyi ndi Juni ndi dipoziti, ndisakunamizeni. Wogula sanalandire ndalama zanu, ndipo kawirikawiri amakana kuziwerengera. Woyenera kukubwezerani ndi amene anazilandira. Ndiye zisanafike patali, bambowo akusainireni pepala lovomera kuti nyumba ikagulitsidwa akubwezerani za miyezi yomwe simunakhale ndi dipoziti yomwe, mtengo wake ulembedwe m'manambala, mboni zikhalepo. Pepala limenelo ndi limene mudzapite nalo kwa majisitireti akadzayamba kuzemba.

Naphiri_wa_Chankhanga
Ndamva bambo. Koma ndikuchita manyazi, ndi munthu wamkulu, mwana wanga amawatchula kuti agogo. Pa maliro a mayi anga anabwera mpaka kumudzi.

Mphunzitsi_Mtunthama
Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, achemwali. Musapite nokha. Tengani mlongo wanu ndi amfumu aja anachitira umboni poyamba, nkhani ikambidwe mwaulemu koma ilembedwe.

Santhe_Boy
Chabwino, mayiwa analipira kale. Koma ena amene muli m'nyumba zotere ndipo mumalipira pamwezi, siyani kulipira. Ulipirirenji munthu amene sakupereka ku banki? Khalani ulere mpaka wogula abwere.

Naphiri_wa_Chankhanga
Izi n'zomwe akunenanso mnyamata amene amakhala m'kanyumba ka kuseri pa poloti yomweyi. Akuti mwezi uno sapereka.

KalalikiWakale
Muuzeni mnyamatayo asatero. Lero alibe mlandu ndi aliyense. Akasiya kulipira wasanduka wangongole iyeyo, ndipo pamenepo m'pamene katundu wake angagwidwe mwalamulo chifukwa cha lendi yake yomwe. Komanso wogula akamadzafunsa kuti anthu ali m'nyumbamu ndi otani, mbiri yoti salipira idzamutulutsa msanga. Malinga ngati nyumba sinasinthe mwini, lendi ikupitabe kwa landilodi. Azilipira mwezi umodzi umodzi, osalipiriratu, ndipo azisunga umboni.

Zimasintha pokhapokha banki ikaika munthu wotolera lendi n'kukulemberani kalata. Zikatero lendi imapita kwa ameneyo. Koma kalata yotere musangoikhulupirira. Pitani nayo ku nthambi ya bankiyo akakutsimikizireni, chifukwa akamberembere nawonso amawerenga nyuzipepala, ndipo akhoza kukuimbirani ngati a banki n'kukupatsani nambala yawo ya foni yoti muzitumizako.

Dalaivala_M1
Inu a Kalaliki mukunena za m'mabuku. Ine zinandionekera ku Kamwendo. Ndinapita ulendo wa ku Chipata, pobwera ndinapeza loko wina pachitseko, akazi anga ndi ana ali kwa aneba, katundu ali pakhonde atafunditsidwa lona. Panalibe notisi, panalibe khoti. Anyamata anayi ndi munthu wonena kuti nyumba ndi yake tsopano. Lamulo lanulo linali kuti tsiku limenelo?

KalalikiWakale
Pepani kwambiri achimwene. Anatenga nyumbayo anali a banki?

Dalaivala_M1
Ayi, landilodi anakongola kwa munthu wa katapila n'kumusiyira mapepala a poloti.

KalalikiWakale
Zomwe anakuchitiranizo kunali kuphwanya lamulo, ndipo mukanatha kumusumira pa kukutulutsani mwankhanza ndi pa katundu wowonongeka. Sindikutsutsa kuti zimachitika. Wa katapila amadalira mantha a anthu. Banki ili ndi maloya ndipo imayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndiye imasamala mapepala. Amene angachite zopupuluma pa nkhani ya mayi Naphiri ndi wogula wosaleza mtima. Wina akadzafika ndi anyamata, funsani chikalata cha khoti ndi chitupa chake, jambulani zonse pa foni, itanani amfumu, ndipo akayamba kuthyola kapena kuopseza imbani ku polisi. Apolisi saweruza za lendi, koma kuthyola nyumba ndi kuopseza anthu ndi nkhani yawo.

Dalaivala_M1
Kusuma kumafuna ndalama ndi nthawi. Ine ndinali ndi lole ya eni ake yoti ndiyendetse m'mawa mwake. Ndinangonyamula ana n'kupita.

Mayi_Geni_Mchinji
Ndiyankhuleko mbali ya wogula, chifukwa ine ndinagulapo nyumba ya okushoni pa boma pa Mchinji. Ndinkadziwa kuti muli anthu, koma sindinkawadziwa. M'maganizo mwanga ndinkaona ngati ndikakumana ndi anthu ovuta, ndipo ndinali nditafunsa kale za loya. Tsiku lomwe ndinapita kukaona, mayi wa m'nyumbamo anandilandira, kundipatsa mpando, n'kutulutsa kabuku momwe analemba lendi yonse yomwe analipira zaka zinayi osaphonya. Anandipempha miyezi iwiri kuti ana amalize teremu. Ndinabwerera kunyumba n'kuganiza, ine nyumbayi ndagulira lendi yomwe, ndikachotsa munthu wolipira bwino chonchi ndikamupeza kuti wina? Alimo mpaka lero. Lendi ndinakweza, sindinama, koma tinakambirana.

Ambiri ogula nyumba zotere sagula kuti akhalemo. Mayi Naphiri, musabisale. Tsiku la okushoni mukhalepo, mwavala bwino, mapepala anu ali m'manja. Amene wapambana mumulonjere tsiku lomwelo.

Nankhoma_M
Si onse ali ndi mtima ngati wanu mayi. Ena amafika ndi mabuloko a mpanda tsiku lotsatira.

Mayi_Geni_Mchinji
N'zoona, n'chifukwa chake kwinaku azifunsirako nyumba ina mwakachetechete. Koma asathawe asanamuone n'komwe munthuyo.

Mwana_wa_Malamulo
Madala a Kalaliki anena zambiri, ine ndingowonjezera pang'ono. Lembani kalata ku banki, yachidule: dzina lanu, nambala ya poloti, kuti ndinu wa lendi kuyambira liti, kuti munalipira mpaka Juni, ndipo mukupempha kuti aliyense wofuna kugula adziwitsidwe kuti m'nyumbamo muli banja. Phatikizani mafotokope a mgwirizano ndi kapepala ka ku banki kaja. Lembani ziwiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo. Sakakuuzani kuti ngongole ndi zingati, chimenecho ndi chinsinsi cha kasitomala wawo, koma sadzanena kuti sankadziwa za inu.

Dziwaninso kuti nyumba ikagulitsidwa, banki imachotsa zolipira pogulitsa ndi ngongole yake, chotsala chimapita kwa mwini wake wakale. Ngati nyumbayo ndi ya mtengo woposa ngongole, bambowo adzakhala ndi pokubwezerani, ndipo nthawi yowakumbutsa ndi imeneyo, ndalama zisanamwazike. Ngati mukufuna loya koma mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere.

Ena akuuzani kuti mukatenge chiletso kukhoti. Ine sindikulimbikitsa. Woyenera kulimbana ndi banki pa za kugulitsa ndi mwini ngongole. Kwa wa lendi wa pamwezi, ndalama za loya zikhoza kuposa zomwe mukufuna kupulumutsa.

Kwa ena nonse amene mukufuna kulipiriratu miyezi yambiri kapena kutsegula shopu m'nyumba ya eni, ku ofesi ya za malo ku Lilongwe munthu amatha kulipira kafukufuku wa poloti n'kuona ngati inaperekedwa chikole.

Naphiri_wa_Chankhanga
Mwandikumbutsa. Thanki ya madzi yomwe ankajambula ija ndi yanga, ndinagula ndekha chaka chatha pamodzi ndi chitsulo chake choikapo, chifukwa madzi amavuta m'chilimwe. Zitsulo za m'mawindo akuchipinda ndinaikitsanso ndine. Ndiye aziwerengera pa mtengo wa nyumba?

Mwana_wa_Malamulo
Mukapanda kunena aziwerengeradi. Thankiyo ilembeni m'kalata ya ku banki ija ndi lisiti lake, ndipo a landilodi avomerenso m'pepala lawo kuti ndi yanu. Zitsulo za m'mawindo n'zovutirapo, zomwe zamatidwa ndi simenti kukhoma zimatengedwa ngati mbali ya nyumba. Mtengo wake uwonjezeni pa zomwe bambowo akubwezereni.

Mphunzitsi_Mtunthama
Muonenso bilu ya madzi. Ngati akaunti ya ku Water Board ili m'dzina lawo, katsimikizeni kuti palibe zotsalira, ndipo jambulani mita tsiku la okushoni kuti pasadzakhale kukanganirana za amene anagwiritsa ntchito.

MwiniPoloti
Pa za pepala lovomera ngongole ndikugwirizana nazo. Munthu wachilungamo sangakane kusaina. Chomwe ndikupempha n'chakuti mukawapeze kwawo, osati kuwachititsa manyazi pagulu.

Naphiri_wa_Chankhanga
Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Loweruka tinapita kwawo cha ku Chamama, ine, achimwene anga ndi amfumu. Titafotokoza chomwe tabwerera, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anaitana akazi awo, ndipo m'pamene tinazindikira kuti mayiwo samadziwa kuti nyumba ili mu nyuzipepala. Analira, nanenso misozi inatsika. Ngongole anatengera lole yomwe inafa injini chaka chatha. Notisi ya banki analandira mu Disembala.

Anapepesa, ndipo anasaina pepala la K360,000, ya Meyi, Juni ndi dipoziti, kuwonjezapo K85,000 ya zitsulo za m'mawindo, ndi kuti thanki ndi yanga. Za Julaye mpaka Seputembala ndinawauza kuti sindingathe, ndipo sanakakamize. Akuti akugulitsa soya ndipo mwana wawo wa ku Johannesburg walonjeza kutumiza kenakake. Lolemba ndinapereka kalata ku banki, anadinda, kope yanga ndili nayo. Anandiuza kuti okushoni ikadalipo pa tsiku lomwe lija pokhapokha mwini wake atalipira, ndipo ichitikira pa nyumba pomwepa. Mnyamata wa kuseri uja walipira lendi yake ya mwezi uno.

Ndikufunsabe za nyumba ya zipinda ziwiri kufupi ndi sukulu ya Chankhanga, ngati wina wamva poti pakutuluka munthu andiuze.

KalalikiWakale
Mwachita bwino mayi. Mapepala onsewo ajambuleni, makope ena akasungidwe kwa achimwene anuwo, osati m'nyumba momwemo.

Nankhoma_M
Aneba anga akusamukira ku Dwangwa kumapeto kwa Meyi, nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri ndipo mwana angayende wapansi kupita kusukulu. Ndiwafunsa eni ake madzulo ano, ndikulemberani kumbali.

Mayi_Geni_Mchinji
Sabata imeneyo ndikhala ndili ku Kasungu kudzagula mtedza. Ndiuzeni ola lomwe ayambe, ndidzabwera kudzakhala nanu pakhonde.